Sosala

Pa Lizulu ankandidziwa ndi msana komanso pakamwa:
matumba makumi atatu a mbatatesi chifunga chisanachoke,
kenako chipisi cha pachiwaya mbale ziwiri,
mang'ina, ndi thobwa lotsitsira.
"Fanuelo satafuna," ankatero anzanga, "amangopakira."

Chifu ndinachisiya ku Lilongwe m'nyengo yozizira,
m'beseni la madokotala, ndi khansa yake yomwe.
Anasokerera kummero ndi matumbo.
Ndine lole yopanda thelala tsopano,
injini ikulira koma poika katundu palibe.

Nangozo anakweza mbale yanga yamaluwa pakabati.
Yanga ndi sosala,
ija tinkathiramo mchere.
Dzira limodzi. Theka la peyala.
Phala la nsinjiro masupuni asanu,
lachisanu ndi chimodzi limabwerera komwe lachokera.

Njala sigogodanso pakhomo panga,
sidziwa kuti ndikadalipo.
Foni ndiyo imalira maola awiri aliwonse
ndipo ndimakhala pansi ngati mwana wa sukulu
kutafuna, kutafuna,
kuwerenga mpaka makumi atatu,
mano akugwira ganyu ya mnzawo amene anapita.
Madzi adikire panja theka la ola.
Tsiku lina ndinaba tiyi wa shuga masupuni atatu:
thukuta, chizungulire, mtima ngati chigayo,
ndinagona pakhonde mpaka nkhuku kulowa.

Pamaliro kwa Mlanda ndinatapa kawiri n'kusamba m'manja.
Mayi wina anafunsa chapansipansi,
"Kodi akutiyesa a mankhwala ife?"
Ndinafuna kukweza malaya
awerenge okha mzere wochoka pachifuwa kufika pamchombo.
Sindinatero. Ndinati zikomo, ndakhuta,
ndipo kanali koyamba m'moyo wanga
kunena mawu amenewo ndisakunama.

Lamba ndaboola kanayi ndi msomali.
Jakisoni wowonjezera magazi amandidikira ku Ntcheu,
nesi Lusitiya amandikweza pasikelo
n'kulemba osandiyang'ana.
Mwezi uno wandiyang'ana.
Kilo imodzi yabwerera.

Madzulo ano Nangozo wakanya mbatatesi imodzi,
ya m'dimba mwathu, ndi mkaka pang'ono.
Zaka khumi ndi zisanu ndazisenza pamsana
osadziwa kuti ukaisunga pakamwa nthawi yaitali
imayamba kutsekemera
ndi kununkhira dothi la kuphiri.

Wandifunsa ngati awonjezere.
Ndati dikira, foni ilire.