Mabatire Awiri

Bambo anga ndimawanyamula ulele.
Pa kabaza yanga ndiwo okha
amene sanenerera mtengo,
amene sandiuza kuti ndipalase msanga.
Kuchoka pa Kaphatenga mpaka kuchipatala chachikulu,
dzuwa la Salima likutiwotcha pankhongo,
ali duu.
Manja awo m'chiuno mwanga
ngati nsanza yoiwalika pachingwe.

Zaka makumi atatu a Kachikho ankakonza mawailesi
pakhonde la golosale, kufupi ndi siteshoni ya sitima.
Yosalankhula ankaiika pakhutu,
kuigogoda ndi chikhadabo,
mpaka kupeza pomwe waya wadukira.
Chimwalirire mayi, a Nagama,
anazima ndi iwo.
Sikuludiraiva inachita dzimbiri m'chitini.
Phala linkazizira mpaka ntchentche kutopa nalo.

Amalume anati pali dzanja la munthu.
Akumpingo anati asale kudya,
osadziwa kuti anasiya kale.
Mayi Chitseko a m'chipinda chakumapeto anati,
"Iyi ndi nthenda, kukhumudwa kosatha,"
natipatsa kapilitsi koyera, kamodzi m'mawa.

Masabata asanu ndi atatu ndinachonga
pa kalendala ya ogulitsa feteleza.
Anayamba kumaliza theka la mbatata. Basi.
Maso anali akadali kumanda.

"Kameneka sitikataya," anatero Mayi Chitseko,
"kasenza mbali yake, koma katundu wakula.
Tikapatsa kanzake, kobenthula pakati, ka usiku.
Thupi la munthu wamkulu silifuna phuma.
Tsopano ndionetse zonse zimene amamwa."
Ndinakhuthula jumbo patebulo:
a kuthamanga kwa magazi,
a nyamakazi ogula pa okala,
kabotolo ka mizu ya azakhali.
Anasankha ngati akusankha nyemba zofumbwa.
"Awa ayi. Awa ndi awa sakhala nyumba imodzi.
Mizu iyambe yadikira.
Podzuka pamkeka azidzuka pang'onopang'ono.
Manja akamanjenjemera,
akayamba kusokoneza mayina a ana awo,
usadikire Lachiwiri."

Mlongo wanga Tadala anatola zotsekera mabotolo,
chofiira cha m'mawa, chobiriwira cha usiku,
naziika pazenera pomwe adzukulu safikira.

Usiku wachinayi anagwa pafupi ndi mtsuko.
Chipumi chinatupa ngati bwemba.
Ndinaima pakhomo la chimbudzi, mapilitsi onse m'manja,
koma sindinaponye.
Mbandakucha ndinapalasa ndi mkwiyo,
mawu olalata nditawakonza kale pakamwa.
Mayi Chitseko sanadziikire kumbuyo.
Anawamanga lamba pamkono atakhala,
anawamanganso ataima,
nafufuta nambala ina m'kabuku, nalemba yocheperapo.
"Tionanenso sabata ya mawa."
Mawu anga ndinabwerera nawo kunyumba.

Mvula inayamba. Inadula. Inayambanso.
Matayala awiri anatha.

Tsiku lina tikuwoloka njanji
zala zinandifinya m'nthiti.
"Tcheni chako chikulira, iwe.
Mafuta suwadziwa?"
Ndinatsala pang'ono kugwera mu ngalande.
Sindinacheuke. Ndinaopa kuwathawitsa
monga uthawitsira njiwa yatera pafupi.

Madzulo ake anaitanitsa wailesi ya a Mlangali
imene inagona kwathu chichokere maliro.
Anaitsegula kumsana, nauzira fumbi,
nanyambita mutu wa batire.
"Ili ndi lamoyo," anatero,
"koma lokha silingayimbitse."
Sanaseke. Inenso sindinaseke.
Tadala anatuluka panja, ati kukaona nkhuku.

Sindikuti achira.
Alipo masiku amene amayang'ana khoma
kuyambira tambala mpaka ana kuweruka,
ndipo kukamwa kumawauma ngati gaga,
kapu ya madzi siichoka pambali pawo.
Kabuku ka kuchipatala katsala masamba atatu,
tigula kena.

Koma dzulo, titatsika pageti,
anapisa m'thumba la jekete,
natulutsa ndalama yong'ambika, yomata ndi selotepi.
Ndinakana.
"Tenga," anatero. "Ndipo yachuluka.
Mabampu onse aja wandigunditsa dala."