Pa Zenera Lachiwiri, Chipata cha Dedza

Wabweranso mayi wa chipewa chobiriwira,
kachinayi chaka chino.
Nkhungu isanachoke padenga la ofesi
waika kale pasipoti pakauntala
ngati munthu woika kapu patebulo la kwawo.

Dzina lake Henrike, sindichitanso kuwerenga.
Lachitatu anatulukira pompano,
wakagona ku Vila Ulongwe masiku awiri,
lero Lachisanu akulowa ngati mlendo watsopano
koma dothi la kunsapato zake ndi lomwe lija,
katondo wa kuno.

Lamulo lili pakhoma, m'pulasitiki, pamsomali umodzi.
Akuti a dziko lakuti ndi lakuti salipira viza,
apatseni masiku akutiakuti.
Koma silinena kuti munthu alowe kangati
asanasanduke mnansi.
Pamenepo pepala lidangoti zii.

“Mwabwera kudzatani?”
Ndifunse ndithu, funso nalo ndi ntchito.
“Kudzaona malo,” akutero m'Chichewa chopunduka mwendo.
Malo ati, mayi?
Mapanga a Chongoni mudakwera m'Febuluwale,
mbiya mudagula, ina idaswekera pompano pakhonde.
Malo anuwo ndikuwaona pawindo, ali ndi miyendo iwiri:
a Kadzamira, aphunzitsi a ku Linthipe,
aimika njinga yamoto kuseri kwa lole ya simenti,
akumanga chingwe cha nsapato chomangidwa kale.

Amati mlendo ndi mame.
Adaiwala kunena kuti mame amabweranso mawa lake
pa udzu womwewo.

Kumbuyo kwa mpanda Arlindo akukankha njinga,
matumba atatu a kachewere, thukuta m'nyengo yozizira.
Manda a mayi ake ali tsidya ilo,
chigayo chili tsidya lino,
malire amawadutsa monga tidutsira khomo la kukhitchini.
Sindinamufunsepo chimene wabwerera.
Akanandiseka.

M'dirowa yangayi, pansi pa botolo la inki,
muli kalata yopindidwa kanayi.
Mwana wanga Mwandida adachira kutali,
kudziko lozizira kuposa Dedza wa m'Juni.
Ndidadzaza mafomu masamba khumi ndi anayi,
zithunzi ziwiri zosamwetulira,
kalata ya kubanki, kalata ya abwana,
ndalama zimene zikadafolera khola.
Yankho lidabwera m'mizere itatu:
simunatikhutiritse kuti mudzabwerera kwanu.

Ine,
amene dzanja langa lidachita chikanga
ndi kudinda anthu obwerera.
Mdzukulu wanga wamera mano pafoni.
Amandidziwa ngati nkhope yaing'ono yodukaduka
netiweki ikavuta.

Chidindo chili m'manja.
N'chopepuka, sichiposa dzira la nkhuku,
koma lero ndikuchimva mpaka m'phewa.
Ndikhoza kufunsa tikiti yobwerera,
ndalama za m'thumba, keyala ya kogona,
kumuimika pabenchi mpaka dzuwa lifike paphiri,
alaweko pang'ono mizere itatu ija.
Palibe angandidzudzule.

Koma kalata ija sadalembe ndi iyeyu.
Ndipo a Kadzamira chingwe chija achimasulanso.

Ndanyika. Ndadinda. Phaa!
Tsiku la lero lakhala mopendekeka
pakati pa zidindo zinzake, zonse zanga,
ngati mapazi a nkhuku imodzi pabwalo lonyowa.

“Masamba atsala awiri, mayi,” ndikumuuza motsitsa.
“Bukuli likutha, ndipo inki ndi ya boma.
Kawauzeni aphunzitsiwo kuti pali ofesi ina
yosafuna chidindo changa.
Imayamba ndi ankhoswe.”

Wafiira mpaka m'makutu, waseka, wathokoza kawiri.
Njinga yamoto yalira.
Chipewa chobiriwira chalowa m'nkhungu ya ku boma.

Ndatsegula dirowa kuti ndiwonjezere inki.
Kalata ija yathimbirira pakona,
botolo limadontha.
Ndaisuntha pang'ono.

Wotsatira!
Dalaivala wa thanki, maso ofiira,
wachokera ku Beira usiku wonse.