Masekondi Makumi Anayi

Amidu Likagwa, palasa pang'onopang'ono,
m'chikwamamu muli makapu osachedwa kusweka,
ndipo nkhani wandifunsayi ndi yaitali
kuposa msewu wochokera pa depoti kukafika ku Sadzi.

Eya, ndinawaona.
Linali Loweruka, kusukulu ananditumako atatipatsa mpata.
Ndinakwera sitima, kenako basi, kenako miyendo yangayi
mpaka pokhota pena pa phiri lawo,
phiri lopanda anyani, lopanda otola nkhuni,
msewu see ngati mbale yotsuka.
Anthu anali atagonera pomwepo m'matenti.
Ena analemba mayina pa phula ndi penti,
bambo wina wamimba anavala ngati nthochi
osachita manyazi pamaso pa ana ake.

Ndinaima maola asanu ndi limodzi,
mphepo ikuboola jekete yobwereka.
Mayi wina anandinyemera buledi wouma ndi tchizi chonunkha.
Ndinathokoza, n'kumeza ngati kwinini.
Anandifunsa kwathu. Ndinati Zomba.
Anati, Zambia? Ndinangogwedeza mutu, milomo itauma.

Kunayamba magalimoto oponya zipewa,
akuluakulu n'kumalimbirana ngati ana pa maswiti.
Kenako apolisi a njinga zamoto.
Kenako helikopita, kulira ngati chigayo cha ku Mpondabwino.
Ndiyeno iwo.

Anthu oonda ngati masipoko, Amidu,
pakamwa yasa, mchere uli mbuu pa malaya,
matayala akulira ngati njuchi zikusamuka.
Mmodzi anandipita pafupi
moti ndinamva kupuma kwake, ndinaona bondo likuchucha magazi.
Ndinakuwa m'Chichewa, zimene ndinanena sindikuzidziwa.
Ndisanatseke pakamwa anali atatha.
Masekondi makumi anayi. Foni ndiyo mboni.

Anthu anayamba kupinda mipando.
Patapita nthawi kunatulukira wina,
yekhayekha, nambala itang'ambika,
galimoto yotola otopa ikumununkhiza kumbuyo ngati fisi.
Ameneyo ndiye ndinamuombera m'manja mpaka zikhatho kuyabwa.
Anataya botolo lake la madzi. Ndinalitola.

Mtengo wa njinga imodzi?
Ungagule puloti ku Matawale n'kukhomako malata.
Imanyamulika ndi zala ziwiri.
Ilibe kaliyala, ilibe belu, ilibe poimikira.
Ikaphwa safufuza pobooka m'beseni la madzi,
munthu amatsika m'galimoto n'kumupatsa ina.

Waseka mpaka handulo kugwedera.
"Ndiye amanyamula chiyani?"
Palibe.
"Nanga akafika amakatengako chiyani?"
Maluwa.
"Maluwa! Kukwera phiri lonse chimanjamanja,
kukatsika ndi maluwa?"

Sindinayankhe, chifukwa apo tikupishana ndi mkulu wina
amene watsika m'phiri mbandakucha,
nkhuni zitasanjidwa kupitirira mutu wake,
buleki wake ndi chidendene cha nsapato ya tayala.
Palibe wotseka msewu kuti adutse.
Minibasi yamulizira hutala, kondakitala wamutukwana.

Tawoloka Likangala, chitunda chayamba.
Ndati nditsike ndiyendeko pansi.
Wati ayi mayi, mwalipira mpaka pakhomo.
Waimirira pa mapedulo, tcheni chikudandaula,
ine, chikwama, ndi makapu anga tonse pamsana pako,
ndipo pa malaya ako obiriwira
ndaona mchere womwe uja, mbuu,
utajambula dziko lomwe silili pa mapu.
M'mbali mwa msewu muli ogulitsa tomato,
mwana akuthamangitsa lingi, mbuzi ikudya katoni.
Palibe waimika ntchito yake.

Manja anga anafuna kuomba,
koma ndikanasiya chitsulo ndikanagwa.

Pakhomo ndakupatsa ndalama yako, ndi botolo lija.
Walitembenuza, walinunkhiza, walifinya kawiri
kuti umve ngati likudontha.
"Lili bwino," watero. "Ndiziikamo oyilo wa tcheni."
Walimangirira pa kaliyala ndi lekeni,
n'kutembenukira kutauni msanga
basi ya ku Liwonde isanatsitse anthu.