Khitchini ya ku Grimsby

Wapolisi wakweza tepi, ndawerama, ndalowa.
Kunja mvula ikuwaza mwaulesi,
mbalame za kudoko zikukanganirana bini.
Ndavala zoyera mpaka kumutu,
mpweya wanga ukundibwerera m'maso.

Usakhudze. Yamba waona.
Jambula uli pakhomo, jambulanso utagwada,
ika karula pambali pa dontho
kuti woweruza, chaka chamawa,
adzadziwe kuti linali ngati njere ya mapira.

Lobulungira linagwa munthu ataima.
Lamchira limaloza kumene linkathamangira.
Awa a pafiriji akwera mpaka kudenga,
mzere, mzere wina pambali pake.
Rhodri akuwerenga, milomo yokha ikuyenda.
Itatu.
Palibe wayankhula.

Ndanyowetsa thonje ndi kadontho ka madzi,
ndapukuta khoma monga wotsuka chilonda cha mwana.
Thaulo lonyowali lisalowe m'pulasitiki, lingavunde;
liume kaye, kenako m'thumba la pepala.
Nambala, tsiku, nthawi, dzina langa.
Magolovesi ndasintha kasanu ndi kawiri.

Patebulo pali makapu awiri,
ina tiyi wake sanathe.
Pakalendala wina analemba: Lachinayi, dokotala wa mano.
Pafomu palibe mpata wa zimenezi.

Kwathu bwenzi pabwalo patadzaza,
maliro atamveka kutsidya.
Kuno katani ya nyumba yoyandikana
yagwedezeka kamodzi, yakhala bata.

Ndikutuluka poponda pomwe ndinaponda,
nditafungatira maenvelopu khumi ndi anayi.
Ndi opepuka.
Ndawagwirabe ndi manja awiri.