Mamiliyoni Makumi Anayi ku Limbuli

Ine ntchito yanga n'kumata machubu.
Pansi pa mtengo wa mapeyala, m'mphepete mwa bwalo la njinga,
ndakhala zaka khumi ndi zinayi
ndi beseni la madzi ofiira
lomwe limandiuza pomwe mpweya ukuthawira.
N'chifukwa chake anandiika m'komiti.

Lachiwiri tinakumana m'kalasi ya ana,
mawondo athu akugunda madesiki.
Mnyamata wa ku khonsolo anatambasula chipepala
n'kupsinja ngodya zake ndi miyala inayi.
Bwalo lathu linali pamenepo, koma losamba:
lopanda fumbi, lopanda mbuzi za a Muhowa,
lopanda chulu chija chinagulula dzino la Lufeyo.
Mzere wozungulira ngati dzira basi.
Apa phula, anatero, m'makonamu tikweza dothi
kuti othamanga azikhota osagwira buleki.
Ndalama ndi mamiliyoni makumi anayi,
palibe tambala ina ikubwera m'mbuyo.

A Namakhwa, wapampando wa akabaza, anadzuka
thukuta la ku Muloza lisanaume pamsana.
Phula lozungulira pamodzimodzi?
Ife timapalasa kuti tikafike kwinakwake.
Tipatseni shedi.
Chiperoni chikatsika m'phiri timanyowa mpaka m'thumba,
ndipo kasitomala sakhalira keliyala yonyowa.

Mayi Nasiyaya a zitumbuwa sanadzuke n'komwe.
Chimbudzi, anatero.
Tsiku la mpikisano anthu mazanamazana
amathera kuseri kwa nthochi zanga.
Anthu anaseka. Iwo sanaseke.

A khansala ankafuna chipata chachitali
ndi mwala wolembapo mayina.
Wina kumbuyo anafunsa, mayina a ndani?
Funsolo linagwa ngati nati m'udzu,
palibe anawerama kulitola.

Tinakangana mpaka dzuwa kupendeka.
Wina magetsi a sola, wina mpanda wa waya,
wina akuti tigule njinga khumi zamagiya
ngakhale pozikwerera palibe.
Ndalama zisanafike tinali titazidya katatu
ndi pakamwa pokha.

Kenako Esinala anakweza dzanja,
mtsikana uja anasiya anyamata onse m'fumbi chaka chatha
pa njinga yonyamulira chinangwa ya malume ake.
Ine ndimaphunzira liwiro pamsewu waukulu, anatero,
pakati pa malole a tiyi ndi maminibasi.
Dailesi ankaphunziranso pomwepo
mpaka Lachisanu lija la mwezi wa Juni.
Sindikupempha phula.
Dothi lomweli mulisalaze,
mukumbe ngalande kuti mvula isamadye njira,
mutisiyire malo amodzi pomwe galimoto siifika.

Chete.
Tinamva mpaka mbuzi ikudzikanda pakhoma.

Nanga inu a machubu? anandifunsa.
Ndinati chubu chikabooka pasanu
zigamba zili ziwiri,
sumata pomwe maso akonda,
umachimiza m'madzi
n'kuona pomwe thovu likutuluka mwaukali.
Anagwedeza mitu ngati ndanena zanzeru.
Sindinawauze kuti nanenso ndinabwera ndi langa pempho:
kabokosi ka simenti kokhala ndi loko,
ndileke kusenza masipanala m'mawa ndi madzulo.
Linakhala m'thumba, limodzi ndi guluu.

Tinakweza manja.
Ngalande ndi kusalaza, khumi ndi awiri.
Chimbudzi, pafupifupi tonse, ena mwamanyazi.
Shedi ya theka, malata asanu ndi atatu.
Phula linatsala papepala.
Mnyamata uja analipinda bwinobwino,
miyala inayi n'kuiponya panja.
A Namakhwa anatuluka osatsanzika.

M'mawa mwake anabwera ndi tayala lakuphwa.
Sitinakambe za dzulo.
Ndinamiza chubu, tonse tikuyang'ana m'beseni.
Kutsidya, nkhungu isanachoke m'minda ya tiyi,
Esinala anali akuzungulira kale,
kulambalala chulu, kulambalala mbuzi,
tcheni chikulira kufuna oyilo.

Ndalamazo akuti zifika mvula ikatha.
Sananene ya chaka chiti.