Potsika Phiri

M'mawa ku Chinamwali sindiilamula, ndimaipempha.
Kiyi theka, ndiwerenge mpaka khumi
mapulagi ayambe atenthedwa,
kenako imatsokomola kawiri
n'kulavula utsi woyera
wobalalitsa nkhuku za Abiti Saizi.

Ndinaigula itatopa kale, itasenza simenti zaka makumi awiri,
mita ya makilomita itaima osadziwika liti.
Anzanga anati, Likoswe, wagula maliro.
Sindinawayankhe. Ndinagona pansi pake miyezi itatu,
katoni ili mphasa,
oyilo wakuda akundidonthera m'khutu.

Kumbuyo ndinawonjezera masipuling'i awiriawiri
ochotsa ku lole ya fodya imene inafera ku Thondwe.
Redieta titaitsuka munatuluka matope
ofiira ngati Likangala wa mu Febuluwale.
Chitsulo chokokera anawotcherera ndi Che Ajasi
tsiku limene magetsi anayaka naini koloko usiku;
tinagwira mpaka tambala woyamba,
iwo akutukwana ndodo zonyowa,
ine nditagwira tochi, ndipo maso analira masiku awiri.
Mabawuti ake ndi anayi okha.
Ndimawakunga Loweruka lililonse
ngakhale asanamasuke.

Dizilo wa m'zigubu ndinalumbira kuti basi.
Kamodzi kokha, mizere itatalika ku filing'i,
ndinagula malita makumi awiri kwa mnyamata wa ku Matawale.
Theka anali palafini.
Pampu inameza fizi ya Mwandida ya teremu yonse,
ndipo mpaka lero akaona fyuluta yatsopano m'manja mwanga
amati, "Bambo, mwana wanu woyamba ndi uyo."

Koma imakoka.
Minibasi yothyoka ekiselo pa Songani,
chigayo chathunthu pa ngolo, ulendo wa ku Jali,
galimoto ya ukwati, maliboni ali petupetu,
mkwatibwi atakhala pambali panga
akutafuna chinangwa chowotcha, velo atapinda pamiyendo.

Anthu amayesa kuti ntchito ndi chitunda.
Chitunda n'chiyani? Giya wani ndi kuleza mtima.
Kafunseni amene anatsikapo ku Chawe usiku nkhungu itatseka,
kumbuyo kuli galimoto yonyezimira ya abwana
imene yazima pafupi ndi damu la Mulunguzi.
Potsika, chimene ukukoka chimayamba kukukankha.
Unyolo umalendewera, n'kukungika mwadzidzidzi,
msana wonse kumva kuti khu!
Buleki ukaikakamiza imanunkha,
ukaikakamizanso imakukana.
Umatsika ndi giya, injini ikubuula,
phazi lili m'malere,
mbali iyi thanthwe, mbali iyo phompho,
magetsi a m'tauni ali pansi kutali ngati makala omwazika.
Pa kona iliyonse ndinkaiyankhula motsitsa mawu:
gwira, mkulu, gwira,
tatsala ndi makona asanu,
tatsala ndi anayi.

Titafika pansi abwana anatuluka malaya ali nyowe,
anayang'ana dzimbiri la pachitseko changa,
anayang'ana nyali imene ndinamanga ndi waya,
kenako anayamba kunenerera mtengo.
Ndinachotsako pang'ono. Ndinali nditatopa.

Kunyumba ndinazimitsa, n'kukhalabe m'katimo mumdima.
Injini ikamazizira imalira kuti te, te, te,
mawondo anga nawonso masiku ano amatero.
Ndinayamba kuwerenga zimene zili pa unyolo wanga:
ana atatu a malemu achimwene,
ngongole ya matayala,
denga lodontha pa khonde,
ndipo ndinadzifunsa ngati ndikukwera nazo
kapena ndinayamba kale kutsika.

Mwandida anatulukira ndi nyali, atafunda chitenje.
Sanandifunse kanthu.
Anaika dzanja pa boneti, n'kulichotsa msanga,
anawerama kununkhiza tayala la kutsogolo.
"Mabuleki awa mawa tiwamasule," anatero.
Kenako anatola mwala wathu wa masiku onse
n'kuupanikiza kuseri kwa tayala,
poti handibuleki, tonse tikudziwa,
inasiya kalekale kusunga malonjezo.