Masamu a Msamuko

Ndatembenuza kope lakale la Ndaziona,
tsamba lomaliza, pomwe cholembera chofiira sichinafike,
ndalemba pamwamba: Dwangwa mpaka Mwanza.
Pansi pake manambala akuyang'anizana
ngati akazi a mitala pa siwa.

Ndinakafunsa lole ku boma la Nkhotakota.
Mwini wake atatchula mtengo ndinaseka,
iyenso anaseka, tinasiyana bwino.

Tatsala ndi pikapu ya alamu anga a Twaibu,
ija imadzuka ana akaikankha,
ndi ngolo yomwe Kachingwe anawotcherera kuseri kwa chigayo:
zitsulo za bedi lakale,
matayala awiri osiyana mayi.
Ndaiyeza ndi chitenje.
Zitenje ziwiri mulitali, chimodzi ndi mkono mulifupi.
Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi za m'munda wa nzimbe
zikwane m'menemo.

A Twaibu akuti malita makumi asanu ndi limodzi.
Ine ndalemba makumi asanu ndi awiri,
ndimawadziwa.
Chingwe tibwereka kwa a Nasiyani,
lona ndi lija tinkayanikapo mpunga.
Ya apamsewu sindinailembe dzina,
ndangojambula kanyenyezi pambali.

Ngoloyo ilibe nyali kumbuyo.
Ndang'amba diresi langa lofiira la kukwaya,
likhale mbendera,
ndiye mdima usatipeze panjira.
Pa Bua tiwoloke kusanache,
pa Salima tiime pamzere wa mafuta, ngati alipo,
pa Golomoti mwana asaloze chipisi,
chinangwa ndiphika usiku, mazira asanu, tiyi m'fulasiki.
Pa Zalewa dzuwa likhale lidakali ndi mano.

Ndinawonkhetsa, ndinachotsera, zinatsala zochepa,
ndinaimba nyimbo mpaka kubafa.
Madzi ali m'mutu ndiye ndinakumbuka:
galimoto ija ibwerera.
Ibwerera yokha, yopanda kanthu, koma ikumwa.

Ndiye kabati wa magalasi apite.
Mayi a m'nyumba yachitatu akhala akumusisita ndi maso chilowereni,
amutenga pa theka la mtengo
ndipo adzanena kuti anatithandiza.
Mipando itatu itsale, umodzi ukwere.
Makina osokera sindikambirana ndi munthu.
Matumba awiri a mpunga wa faya akwere,
akadzilipirira okha ulendo pa msika wa Mwanza.

Bambo a Ndaziona akhala pakhonde chiyambire m'mawa
akumasula mfundo za chingwe chimodzimodzi.
Kalata ya penshoni ili m'thumba la malaya,
yapindidwa mpaka yayamba kutha m'mizere.
Ndawafunsa za majombo awo akuntchito,
olemera ngati mwana wa chaka.
Sanayankhe.
Ndawalemba pa zokwera.

Kachingwe wabwera madzulo kudzapopa matayala.
Akuti: mayi, zolemera muziike pamwamba pa mawilo,
osati kumchira,
ngolo ikalemera kumbuyo imavina,
ikavina imagwetsa ndi woikoka yemwe.
Ndamva.
Ndayang'ana pakhonde paja, ndamvanso.

Chitseko cha kuchipinda ndi cha kampani.
Pa mphuthu yake pali timizere ta msomali,
Ndaziona ali ndi zaka zinayi, zisanu ndi chimodzi, khumi,
Pilirani yemwe mzere wake unaima pa chiuno changa.
Akapitawo abwera Lachisanu kudzawerenga mawindo ndi maloko,
timizere satiwerenga,
penti adzatimeza asanalowe ena.
Ndatenga ulusi wa makina,
ndayeza kuchokera pansi, mfundo pa mzere uliwonse,
ndaukulunga pa kachitsotso ka machesi.
Sulemera.
Sufuna lita ngakhale imodzi.

Pansi pa tsamba patsala makwacha
okwana tayala likaphulika kamodzi.
Likaphulika kawiri
tidzakhala pa matumba a mpunga m'mbali mwa msewu,
tidzasenda mazira,
tidzaona.

Cholembera chatha inki pa mawu oti chingwe.
Ndamaliza ndi khala.